Mpango Umene Mayi Anasiya mu Holo

Titatuluka mu holo n'kukwera takisi, ndinaona kuti mayi alibe mpango wawo waubweya.

"Usiye, Sawsan," anatero, koma ine ndinali nditatsika kale.

Holo yaikulu ya zoimbaimba ija ndi imene bambo ankatitengerako ndili mwana, anthu a mu Cairo atatchena ngati akupita ku ukwati. Bambo sankadikira kuti woimba amalize mzere. Ankadzuka n'kukuwa kuti, "Allah! Bwerezani pomwepo!" Mayi ankawatsina pantchafu, ine n'kubisa nkhope. Chimwalirireni bambo, timapitabe awiri chaka chilichonse.

Mlonda anandilowetsa akung'ung'udza. "Changu, achemwali, tiyi wanga akuzizira."

M'katimo munalibe munthu. Mipando yonse inali itapindika, kupatula umodzi woyandikana ndi wa mayi. Pamenepo panali mpango uja, wopindidwa bwinobwino, ukadali wofunda.

Nditangoutola, wina anatsokomola pafupi ndi khutu langa. Kenako ndinamva mawu chapansipansi.

"Bwerezani pomwepo."

Pa siteji panali mdima wokhawokha.

Sindinathawe. Ndinatuluka pang'onopang'ono, ngati mwana amene wagwiridwa dzanja.

Nditabwerera m'takisi muja, mayi ataona mpangowo sanaulandire. "Ndimawasiyira dala, mwana iwe. Bambo ako amamva kuzizira m'menemuja. Sanabwezepo n'kale lonse."

Kenako anasendera kuwindo, n'kusiya malo pakati pathu.

Dalaivala anasuzumira pagalasi n'kumwetulira.

"Pepani bambo Ahaji, sindinakuoneni mukulowa. Tilowere kuti?"