Mfuko ndi Ulusi wa Bowa pa Mizu ya Azitona

Padangokhala mtengo wa azitona umene mizu yake inakulungidwa ndi ulusi woyera wa bowa.

Mfuko, pofuna kutamandidwa ndi mbalame zodya zipatso za mtengowo, anati, "Ulusiwu ndi mbala, ukuyamwa mtengo wathu."

Nyongolotsi anayankha, "Ayi, achimwene. Umadyako ndithu, koma ndiwo umatungira mtengowu madzi ndi chakudya kutali kumene mizu siyingafike."

"Iwe wopanda maso, waona chiyani?" anatero Mfuko, mbalame n'kufa nacho chiseko. Pomwepo anaduladula ulusi wonse uja ndi mano ake.

Chilimwe chitafika, mizu inaonda, masamba anayoyoka, mtengo sunabereke. Mbalame zinasaka wolakwa. Mfuko anali atasamukira kale m'munda wa chinangwa. Zinangopeza Nyongolotsi akufewetsabe nthaka patsinde, ndipo zinamudya.