Alamu Adzathandiza Kugulitsa

"Bwana, galimoto iyi ndimaiyendetsa ngati ndanyamula mazira," anatero mwini wake, akupukuta boneti yofiira ndi mkono wa malaya.

Wogulayo, dokotala wa mano wosalankhulalankhula, anali munthu wachisanu ndi chiwiri kudzaiona. Enawo ankangomvera kubangula kwa injini, kujambulitsa, kenako n'kutchula mtengo wa njinga. Galimoto yaliwiro ikakalamba, aliyense amaiyesa yozunzidwa. Koma opaleshoni ya mkazi wa mwini galimotoyo inali Lachisanu, ndipo kuchipatala salandira matayala.

Dokotalayo anagwada, nasuzumira kunsi, nawerenga mapepala onse a sevisi.

"Zikuoneka kuti mumaisamaladi. Mtengo wanu uja ndavomera."

Mwini galimoto anayang'ana kumwamba. Mulungu sagona!

Pomwepo mlamu wake anatulukira pageti, thukuta lili kamukamu. Anali atalonjeza kudzathandiza kunyengerera wogula.

"Achimwene, tengani musachedwe!" anafuula, osapereka n'komwe moni. "Iyi si galimoto, ndi chipolopolo! Alamu angawa Loweruka lililonse amakapikisana nayo, matayala kuchita kufuka utsi. Injini inatenthapo kawiri, koma tamverani mmene ikulirira, ngati yatsopano!"

Mwini galimoto anatsokomola, anaponda mlamuyo phazi, koma madzi anali atatayika kale.

Dokotala anaika makiyi paboneti mwaulemu.

"Pepani bambo, mazira aja ankafika athunthu?"

Geti litatsekeka, mlamu anasisita m'manja akumwetulira.

"Mwaona, alamu? Munthu wakhutira ameneyo. Wathamangira kubanki."