Nsalu Imene Ghisalal Ankabisa

Tamverani abale, ndinene za mng'ono wanga Ghisalal, wodinda nsalu kuno ku Bagru, amene watisiya mwezi wathawu.

"Mukudindira yani mobisa chonchi?" mkazi wake Dhapu anamupanikiza, atamupeza akukankhira nsalu kuseri kwa mtsuko wa utoto.

"Ndi ya kasitomala, mkazi wanga," anayankha Ghisalal.

"Kasitomala wopanda dzina? Mano anatha m'kamwamo, koma maso ndiye ayi!"

Ghisalal anangoseka, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene chinadzamutenga chija.

Ghisalal atapita kukatsuka nsalu zina, Dhapu anaisolola nsalu ija. Inali ya siketi, thonje lofewa, yabuluu wakuda, yopanda kufiira paliponse. Kwathu kuno yotere amavala akazi amasiye okha.

"Alamu, kasitomala uja ndi mkazi wamasiye!" Dhapu anandiuza. "Ndimupeza ameneyo."

Anaunguza amasiye onse, mpaka wogulitsa tiyi pamsika, osamupeza.

Maliro a Ghisalal atatha, Dhapu anaitulutsa nsalu ija kuti aing'ambe. Koma anayamba waiyesa m'chiuno. Mkombero wake unafika pa akakolo ndendende, chikhalirecho Dhapu ndi wamfupi kuposa mkazi aliyense m'Bagru muno.

Mukamuona atavala, chonde muzimukumbukira Ghisalal.