Tenti ya Anthu Awiri

Mzime anapeza bambo ake atagwada pakati pa balaza, akulimbana ndi zitsulo za tenti. Mipando anali ataikankhira kukhoma. Pansi ponse panali katundu: tochi, kasitovu ka gasi, mabulangete ndi matiresi awiri opopa. Anawayang'ana kawiri matiresiwo. Ndiye kuti mayi wa nyumba yoyandikana nayo uja sananame pa foni paja.

"Bambo akowa asintha," anatero mayiyo. "Ndevu akumeta tsiku ndi tsiku, likhweru silikuchoka pakamwa. Akuti akukagona kumapiri, ndipo sakupita okha. Ine ndangoti ndikutsine khutu."

Chaka chinali chisanathe chiwaikire m'manda amayi ake.

"Mzime wanga!" Bambowo anadzuka akugwira msana, nkhope ili ngwee. Mwa ana onse, ndi iye yekha wotsirizayu amene sankamutchula dzina lake lenileni, ankangoti Mzime. "Wafika nthawi yabwino. Tagwira uku. Pa wailesi akuti kukhala kofunda chonchi mpaka sabata yamawa. Nyengo yotere sibwera kawiri."

Zinali zoona. Chaka chimenecho chisanu chinachita ulesi. Sukulu yomwe Mzime ankaphunzitsa inafika potsekera tchuthi ana akubwerabe opanda majuzi, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inasokonezeka n'kuyamba kuphuka nthawi isanakwane.

Mzime anagwira chitsulocho. Tentiyo ankaidziwa. Bambo ake anaigula atangopuma pantchito yoyendetsa mabasi a maulendo ataliatali. Ankati pali malo ena kumapiri, pafupi ndi kamtsinje, amene anawadutsa moyo wawo wonse osaimapo. Ankafuna kukawaona m'nyengo yozizira, udzu utauma, kulibe matope ndi udzudzu. Amayi ankangoseka.

"Ine ndikagone pansi ngati dzungu, bedi ndili nalo? Chaka chimene kudzafunde ndidzapita."

Chaka chofundacho chinachedwa, matenda n'kufika msanga. Tenti inakhala pamwamba pa wadirobu mpaka chikwama chake chinasuluka. Lero yatsika, ndipo wokagonamo ndi munthu wina.

Anasiya chitsulocho n'kulowa kukhitchini kuti bambo ake asamuone m'maso. Pa tebulo panali makapu awiri. Ina inali yomwera kale, ina yodzaza tiyi wozizira. Mayi wachibwenziyo ayenera kuti anathawira khomo lakuseri atamva galimoto ikuima pageti. Ketulo inali pamoto, madzi ataphwa kalekale. Atatsegula firiji kuti amwe madzi, anapezamo magalasi a bambo ake ali pambali pa mazira. Anapukusa mutu. Chikondi cha kuukalamba chikagwira munthu chimamutenga ndi nzeru zomwe.

Anayesa kudzilankhula. Munthuyu ali yekha m'nyumba yaikulu ngati ino. Ana onse ali kutali, aliyense ndi zake. Iye mwini ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo pa foni ankangofunsa ngati adya. Kodi n'kulakwa kuti apeze womuphikira ndi womuseketsa? Mtima unatsala pang'ono kutsika.

Koma pobwerera pabalaza anapunthwa pa chikwama china chimene chinali chosatseka. Pamwamba penipeni panali juzi yofiira ya amayi ake, yopindidwa bwinobwino. Pansi pake panali mpango wawo, nsapato zawo zoyendera ndi botolo latsopano la mafuta omwe aja ankadzola.

Juzi imeneyi Mzime anaipempha maliro atatha. Ankafuna kanthu kamodzi kokha kamene kanali ndi fungo la amayi ake. Bambo anakana, n'kuikumbatira pachifuwa ngati mwana, ndipo iye anawamvera chisoni n'kuwasiyira. Ndiye lero ikavale mlendo?

Anaitola.

"Adadi, mpaka juzi iyi?"

"Eya, usaichotse. Masana kufunde bwanji, usiku kumapiri kumazizirabe." Bambowo sanatembenuke n'komwe. Ankawerama pa matiresi, akumvetsera ngati ikutuluka mpweya. "Ndaikamonso masokosi. Sindikufuna madandaulo tikafika."

Anaseka okha. Mzime anali asanamve kuseka kotere m'nyumbamo chichitikire maliro, ndipo kusekako n'kumene kunamulasa koposa. Amayi ake anadikira mwamunayu zaka zonse ali m'misewu. Anamuchapira mayunifolomu, anamulerera ana okha, anamwalira dzanja lili m'dzanja lake. Udzu usanamere bwino pamanda, malo awo apezeka kale wolowamo.

Misozi inatsika yokha. Sanafune kukuwa. Makolo ake sanamulere choncho. Anakhala pa mkono wa mpando, juzi ili pamiyendo.

"Adadi, ine sindikuletsani. Moyo ndi wanu. Koma tikanamva kwa inu, osati kwa aneba. Ndiuzeni dzina lokha basi."

Bambowo anaweramuka. Ataona misozi ya mwana wawo, nkhope yawo inagwa.

"Dzina la ndani, mwanawe? Wakulakwira ndani?"

"La amene mukupita nayeyo."

Anamuyang'ana modabwa, kenako anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso lachibwana.

"Iwe, ndingapite ndi ndaninso? Amayi akotu." Anapita pawindo, n'kukankha katani, maso ali kugeti. "Koma achedwa bwanji kumene apitako. Tawaimbira ndiwe, uwauze kuti ndamaliza kulongedza. Ine masiku onsewa ndikuimba, foni yawo siikulowa."