Nthenga ya Pazenera

Mayi ake a kamtsikana kena anali ataima kale pakhomo la kalasi. Anabwera kudzakachotsa sukulu, poti milungu itatu yathunthu sikanatulutsepo liwu ngakhale limodzi m'kalasimo.

"Tipatseniko kamphindi, mayi," anatero aphunzitsi, mumtima akupemphera.

Analemba f wamkulu pabolodi, natola nthenga ya nkhunda pazenera, nagwada pamaso pa mwanayo, nthengayo ili pachikhatho.

"Chilembo ichi chimangouzira, fff. Usavutike n'kulankhula, mwanawe. Ingondiulutsira nthengayi."

Pakhonde, bambo wosesa anaimika tsache kuti lisasokose.

Kamtsikanako kanayang'ana chilembocho nthawi yaitali, kenaka kanagunditsa mano pamlomo wam'munsi.

"Fff!"

Nthenga inauluka n'kukatera pamphuno pa aphunzitsi. Iwo anayetsemula, ndipo kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Aphunzitsi," kanatero ndi timawu tonga ta udzudzu, kakuloza chilembo china pakhoma, "nanga icho chimati bwanji?"

Mayi aja anatula chikwama pansi, misozi italengeza m'maso. Bambo wosesa anawakankhira kampando, nati:

"Khalani pansi, mayi. Zilembotu zatsala zambiri."