Maloko Awiri pa Chipata cha Kudziwe

Ng'ombe zinali zitanunkhiza kale madzi pamene Verla anapeza chipata chili ndi maloko awiri achilendo, okolekana pa unyolo umodzi. Kumanzere kunali chidindo cha boma la chigawo chawo, kumanja cha boma lalikulu la dziko lonse.

"Mukangodula mbali imodzi, chatseguka," anatero mwamuna wake Orrin, akumupatsira chodulira zitsulo. "Dulani kwa aboma akutaliwo, mayi."

"Akutaliwo si amene ali ndi ndende yaikulu?"

"Ndiye dulani kwa apafupiwa."

"Omwe timakhala nawo pa benchi imodzi kutchalitchi?"

Kumbuyo kwawo thole lina linagwada m'fumbi, lilime lili panja. Verla anatsinzina, nafinya chodulira chija osadziwa kuti chaluma boma liti.