Pulogalamu ya Jairos Yafanso

Lachinayi m'mawa Jairos anapeza pulogalamu yake itafanso. Ntchito ya pulogalamuyo inali kulandira mapempho a alendo ofuna kukwera bwato pa Zambezi. Koma mlendo akalemba dzina pa intaneti n'kudina batani, seva, kompyuta yaikulu ya mu ofesi, inkangoyankha kuti pali vuto.

M'chaka cha 1999 makampani a alendo okhala ndi tsamba pa intaneti anali ochepa mu Livingstone, ndipo Ba Mudenda, mwini ofesi yapafupi ndi Mukuni Park, anali atadzitama kale kwa anzawo onse.

"Ba Jairos, iyi ni pulogalamu olo ni mwana odwaladwala?" anafunsa Ba Mudenda. "Ikafa futi mawa, niitana munthu wa ku Lusaka."

Vivian, wolandira alendo, anamuyang'ana Jairos mwachisoni.

Jairos sankagwira ntchito pamenepo. Ankangoitanidwa zinthu zikavuta, ndipo sabata imeneyo zinkavuta tsiku lililonse. Anawerenga pulogalamuyo mzere ndi mzere, osapeza cholakwika. Fayilo inali m'malo mwake. Vuto linali lomwe lija la dzulo: chilolezo choti seva iyendetse fayiloyo chinali chitachotsedwa. Anachibwezeretsa, pulogalamu n'kudzuka.

Fayilo siidzichotsera yokha chilolezo. Panali munthu, ndipo Jairos ankamudziwa: Jonah, wokopa alendo pamsewu, amene ankauza aliyense kuti kompyuta yabwera kudzamulanda ntchito. Masana amenewo Jonah anamupatsa moni akuseka, Jairos n'kutsimikiza kuti ndi yemweyo.

Lachisanu analawirira ndi kiyi ya Ba Mudenda, n'kukabisala kuseri kwa kabati ya majekete a m'bwato. Mawondo ankawawa, udzudzu unkamudya, koma iye ankangokonza mawu odzamuuza Jonah pamaso pa bwana.

Chitseko chinatseguka. Mapazi analunjika pa seva. Mabatani analira pang'onopang'ono, ngati a munthu amene anaphunzira pongoonera mnzake: mzere umodzi waufupi, basi. Jairos anakunga chibakera n'kusuzumira.

Anali Vivian. Atavala diresi latsopano, anaika makapu awiri a tiyi patebulo, n'kuimba foni kunyumba kwa Jairos ku Dambwa North.

"Ba Jairos baliko? Mubauze ati yafa futi. Babwele mwamsanga, tiyi isazizile."